Tsiku la Madzi Ndinali ku Mathithi

M'nyumba mwanga muli chithunzi chimene ndimanyansidwa nacho. Chili pakhoma loyang'anana ndi chitseko, moti munthu akamalowa amayamba waona icho asanaone mwini nyumba. Pachithunzipo pali mayi wovala chitenje chatsopano, waima pathanthwe, ndipo kumbuyo kwake madzi oyera mbee akugwa kuchokera pamwamba. Mayiyo ndine. Alendo akachiona amati, "Koma ndiye munakadyerera ku Zomba!" Ine ndimangoti eya, n'kuyamba kuwafunsa za kwawo.

Ndine mlimi wa mpunga ku sikimu ya ku Bwanje, kufupi ndi Golomoti. Munda wanga uli kumchira kwenikweni kwa ngalande, kumene madzi amafika atatopa. Mvula ikamagwa bwino palibe nkhani, tonse timakhala pachibale. Koma kukachita ng'amba, mtsinje n'kuchepa, madzi timagawana mosinthana: lero buloko iyi, mawa ina, ndipo tsiku lanu likadutsa mumadikira mpaka onse athirire. Lamulolo ndi labwino, sindikulinena. Vuto ndi lakuti ngakhale pa tsiku lanulo madzi sabwera okha. Madzi a pa ng'amba alibe chibale. Amene ali kumtunda amatseka ngalande ndi matope kuti ayambe adzaza minda yawo, ndiye ife akumchira timakwera ngalandeyo ndi khasu, kugumula matopewo, kukangana ndi eni ake, kenako kuwatsatira madziwo ngati tikukusa mbuzi mpaka alowe m'munda. Ukapanda kupezekapo, palibe amene angakukanganire.

Chaka chimene ndikunenachi mvula inadula mpunga uli ndi mimba, ngala zitatsala pang'ono kutuluka. Mlimi aliyense amadziwa kuti mpunga ukamva ludzu nthawi imeneyo umabereka mankhusu okhaokha. Ndipo mpunga umenewo sunali wogulitsa. Mwana wanga wamkazi, mmodzi yekhayo amene malemu bambo ake anandisiyira, anali atapeza mwamuna. Ankhoswe anali atakumana kale, ndipo chinkhoswe chinali choti chichitike tikakolola. Ndinali nditalumbira kuti akuchimuna akabwera kwathu adzadya mpunga wa m'munda mwanga, wonunkhira, wowomba ndi manja angawa, kuti akanene kwawo kuti mtsikanayu sanachite kutoledwa panjira.

Sabata yomweyo mwanayo ankalandira digiri yake ku yunivesite ku Zomba. Mwambo unali Lachisanu, madzi a buloko yathu Loweruka. Ndinaona kuti ndikanyamuka m'mamawa Loweruka, kudzera ku Liwonde ndi ku Balaka, ndifika dzuwa lisanapendeke ndipo madzi ndiwapeza, poti chipata cha ngalande amatseka madzulo. Ndinamuuza mwanayo pafoni, ndinamuuzanso nditangotsika minibasi. Anati, "Musade nkhawa Amayi, ndamva."

Za Lachisanulo ndilibe nazo dandaulo. Atatchula dzina lake ndinaimba nthungululu mpaka mawu kusasa, ndipo gauni yakeyo ndinaigwiragwira ngati ndasoka ndine.

Tsopano ndinenepo za mkamwini wanga. Ndi munthu wabwino, wokulira m'tauni, ndipo ntchito yake ndi yoyendetsa alendo odzaona malo. Ali ndi chigalimoto cha matayala akuluakulu, amanyamula azungu n'kumawaonetsa mzinda ndi phiri. Koma kwathu mkamwini ndi mkamwini, kaya ali ndi galimoto kaya kabaza. Sitiyang'anana naye m'maso, sitikhala naye pamphasa imodzi, sitidya iye akuona, ndipo ukakhala ndi mawu umatuma mwana wako. Amayi anga anachita choncho ndi mwamuna wanga mpaka imfa inawalekanitsa, ndipo sanayambanepo ngakhale kamodzi. Ena amati n'zachikale. Anene, pakamwa mpawo.

Loweruka ndinadzuka kusanayere bwino, ndinamanga katundu wanga n'kukhala pakhonde la kanyumba kamene mwana wanga ankachita lendi. Chigalimoto chija chitafika ndinati, ha, mwana wa eni ake ndi waulemu, wabwera kudzandiperekeza kudepoti. Anatsika n'kutsegula chitseko chakutsogolo, mpando woyandikana ndi wake.

"Amayi, khalani kutsogolo kuno muziona bwino," anatero.

Ndinayang'ana kumbali n'kuuza mwana wanga kuti, "Uwauze kuti kumbuyo kuli bwino."

Kumbuyoko ndinapezako azungu awiri okalamba, mwamuna ndi mkazi wake, onse atavala makabudula, miyendo ili mbee ngati chinangwa chosenda. Anandimwetulira, nanenso ndinawamwetulira. Ndinkaganiza kuti nawonso akupita kudepoti.

Depoti tinaidutsa. Ndinamva ndi makutu angawa makondakitala akukuwa za Liwonde ndi Balaka, ndinaona minibasi ina yatsala pang'ono kudzaza, ife n'kungopitirira. Ndinamutsina mwana wanga pantchafu, tinayamba kunong'onezana kuti mkamwini asamve.

"Iwe, depoti si iyo?"

"Amayi, apongozi anu akonza zoti akuonetseni mzinda pang'ono. Ndi mphatso yawo. Sitichedwa."

"Uwauze kuti zikomo kwambiri, koma lero ndi tsiku la madzi. Anditsitse."

Anaweramira kutsogolo n'kulankhula naye m'Chingerezi. Ine Chingerezi changa chinathera ku pulayimale. Mkamwini anaseka mosangalala n'kuyankha m'Chichewa kuti, "Musathokoze msanga Amayi, tangoyamba kumene!" Yankho limenelo linandidabwitsa, koma ndinati mwina ndi mayankhidwe a m'tauni.

Anayamba kutionetsa nyumba zakale: imene ankakhalamo bwanamkubwa wachizungu, imene ankapangiramo malamulo, kenako chipilala cha asilikali chokhala ndi wotchi pamwamba. Paliponse tinkatsika, iye n'kumalongosola, azungu n'kumagwedeza mitu ndi kujambula. Anajambula njerwa. Anajambula zenera losweka. Mzimayi wachizungu uja anafika pogwada pansi kuti ajambule ndere zimene zinamera pakhoma. Kwathu nyumba ikakalamba timaikonza kapena kuigwetsa, koma uko amaizungulira ngati mkwatibwi. Ku Mua nakonso azungu amabwera kudzaona tchalitchi chakale ndi zosemasema, ndimawaona akudutsa pamsewu, koma ndinkayesa kuti amabwera kudzapemphera. Tsiku limenelo ndi pamene ndinadziwa kuti kuli anthu amene amadzuka m'mawa, kusamba, kuvala, n'cholinga chongokayang'ana zinthu basi.

Kuchoka apo tinalowa m'munda wa mitengo, wochita kulipira pakhomo. Ina mwa mitengoyo ndi yomweyi ili kuseri kwa nyumba yanga, mbawa ndi nsungwi, koma uko aipachika tizikwangwani ta mayina ngati odwala m'chipatala. Ophunzira a payunivesite anali gonegone pakapinga awiriawiri, mabuku atawasandutsa mitsamiro. Ndipo bambo wina wamkulu ndithu, wa imvi zake, anali ataima ndi paipi akuthirira kapingayo. Kapinga! Udzu umene ngakhale mbuzi sailola kudya. Ndinapatuka n'kuimbira foni mayi wa munda woyandikana ndi wanga, kumupempha kuti madzi akafika anditsegulireko. Anati, "Ndiyesa, asisi." Iye nayenso anali ndi mpunga wake waludzu, ndiye ndinadziwa kuti kuyesako sikupita patali.

Ndinamukokera mwana wanga pambali.

"Wawauza?"

"Ndawauza, Amayi. Akuti tingokwera phiri pang'ono, kenako akakusiyani kudepoti."

"Dzuwa ukuliona pamene lafika?"

"Inu Amayi, tadekhani."

Msewu wa kuphiri ndi wokhotakhota. Tinkakumana ndi azibambo akutsetsereka ndi njinga zodzaza nkhuni, thukuta lili kamukamu, ndipo azungu aja anawajambulanso amenewo. Pamwamba kunali nkhungu ndi chisanu, udzu uli biriwiri, ngati si dziko lomwe lija limene kwathu nthaka inali kung'aluka. Netiweki inathawa. Anthu ogulitsa miyala yonyezimira anatizungulira, ndipo mzungu wamwamuna anagula miyala, miyala yeniyeni, n'kuikulunga bwinobwino m'kansalu. Ndinati akanabwera kumunda kwanga kwa chimanga ndikanam'patsa ngolo yodzaza, ulere.

Ndiye kunabwera za mahatchi. Azungu anakwera, mwana wanga nayenso anakwera, wadigiri wathunthu, miyendo uku ndi uku pamaso pa anthu. Mkamwini anafunsa ngati nanenso ndingayeseko.

"Uwauze kuti ine ndine mayi wa munthu," ndinatero.

Ndinakhala pachitsa n'kumadikira. Ndinkayesa kuti mwina mahatchiwo akupita kwinakwake, kuti mwina kuli chimene akukatenga. Ayi ndithu. Anazungulira m'nkhalango nthawi yaitali n'kubwerera pamalo pomwe anakwerera, akuseka, matako akuwawa. Nthawi yonseyo ine maso anali padzuwa, limene linali litafika kale pamutu.

Chimene chinandinyansa koposa ndi dzenje. Pamwamba pa phirilo pali dzenje lakuya lobisika m'mitengo, ndipo mkamwini anafotokoza, m'Chingerezi kenako m'Chichewa kuti nanenso ndimve, kuti anthu amati kalekale ankaponyamo anthu. Ine ndinafunda chitenje kumutu n'kubwerera m'mbuyo. Koma azungu anasuzumiramo, anaponyamo mwala n'kutchera khutu, kenako anakumbatirana m'mphepete mwake kuti awajambule akumwetulira. Kaya nkhaniyo ndi yoona kaya ndi yabodza, kwathu malo amene akuti panafera anthu timadutsa mwakachetechete, sitiimapo n'kumaonetsa mano.

Nthawi ya chakudya mkamwini anayala nsalu imodzi paudzu, n'kutulutsa buledi woika masamba osaphika pakati. Onse anakhala pansalu imodziyo. Ine ndinakakhala kuseri kwa mtengo, nditawafulatira. Mwana wanga anandibweretsera gawo langa, ndipo ndinamugwira dzanja kuti akhale pansi.

"Nena zoona. Kuyambira m'mawa wakhala ukuwauza chiyani?"

Anayamba kuzula udzu ndi zala. Kenako anati, "Ndawauza kuti mukusangalala, ndiponso kuti simunaonepo malo okongola ngati ano."

Akuluakulu sananame, kandimverere anakanena za m'maluwa.

"Za madzi sunanene?"

"Sindinanene. Amayi, chibadwire changa sindinakuonenipo mutakhala pansi opanda chochita. Ndimafuna tsiku limodzi lokha mupume, muone zimene anthu ena amaona. Tsiku lililonse munda, munda, munda! Mpunga tigula."

Mpunga tigula. Mwana amene ndinkawokera mbande ali kumsana, amene anakula akuingitsa mbalame m'munda womwewo, amene sukulu yake yonse inatuluka m'matope amenewo, lero akuti mpunga tigula. Ndinafuna kumuwomba khofi ndi digiri yake yomweyo. Chimene chinandipweteka kwambiri n'chakuti ankanena akulengeza misozi. Ankandikonda mwanayo, ndipo chikondi chakecho ndi chimene chinkandiphera mpunga.

Ndinaimirira. Mkamwini anali pafupi pomwepo, makiyi a galimoto akulendewera palamba. Ndinadziwa kuti ndikangomuuza ndekha, munthu ameneyu asiya azungu akewo ndi buledi wawo n'kundithamangitsira kudepoti, mwinanso mpaka ku Golomoti. Nthawi inalipobe, pang'ono. Ndinayenda kupita kumene anali. Anatembenuka, nandiyang'ana m'maso momwe amachitira ana a m'tauni, n'kunena kuti, "Amayi, pali chimene mukufuna?"

Mawu anga oyamba kwa mkamwini wanga akanakhala oti mphatso yake sindikuifuna, ndiponso kuti mkazi amene akufuna kukwatira wakhala akumunamiza kuyambira m'mawa. Pamaso pa alendo ake, chinkhoswe chisanachitike. Mwana wako ngwako, ngakhale atakuchita chotani sumuvula pagulu. Ndinayang'ana pansi n'kutembenukira kwa mwana wanga.

"Uwauze kuti tipitirize."

Malo omaliza, amene mkamwini anati wasungira kumapeto chifukwa ndiwo okongola kuposa onse, anali mathithi. Phokoso lake ndinalimva tisanafike. Titatulukira, ndinaona madzi akugwa pamatanthwe, akugwa, akugwabe, osaleka. Panalibe chipata, panalibe buloko, panalibe woika matope kapena wogumula. Madzi amene ankadutsa pamenepo pa nthawi imene munthu amamwa kapu ya tiyi akanadzaza munda wanga mpaka m'mizere. Ndipo anthu anali kuchita nawo chiyani? Atsikana ena anali kuviikamo mapazi n'kumakuwa kuti akuzizira. Mnyamata wina wamkulu anali ataikamo mabotolo a mowa kuti azizire. Azungu athu anavula nsapato n'kuyamba kuwazana ngati ana.

Ine ndinaima pathanthwe n'kumayang'ana. Dzuwa linali litapendeka. Ndinkaona m'maganizo mwanga ngalande ya kwathu, anzanga ali ndi makasu m'manja akukangana, madzi akukwawa pang'onopang'ono kutsikira kumchira, akufika pafupi ndi munda wanga, popanda wowatsegulira. Misozi inayamba kutsika yokha. Sindinaipukute, ndinalibenso nazo ntchito zoti wina aona. Ndinalira ndi mkwiyo, ndi manyazi, ndi nseru ya tsiku lonselo. Ndinamva mkamwini akunena chapansipansi kwa azungu aja, iwo n'kuyankha ndi mawu achifundo. Kenako wina anandiitana, ndinatembenuka, ndipo kamera inalira.

Tinatsika phiri dzuwa likulowa. Ndinagonanso ku Zomba, osalankhula ndi mwana wanga, ndipo m'mawa ndinapita ndekha kudepoti wapansi. Nditatsika pa Golomoti sindinadzere kunyumba, ndinakwera kabaza mpaka kusikimu ndi chitenje chatsopano chomwecho. Pansi pa ngalande panali pakadali chinyontho. Madzi anali atafika mpaka m'munda wa mnzanga uja, wake uli tho, ndipo pamalire a munda wanga panali chimulu cha matope chokhala ndi zidindo za mapazi. Sindinamufunse mnzangayo. M'munda mwanga nthaka inali itang'aluka moti dzanja limalowa, masamba a mpunga atapotana ngati singano. Ndinatunga madzi otsalira m'zithaphwi ndi ndowa mpaka msana kukana, koma ndowa sithirira mpunga.

Mvula inadzabwera, mochedwa. Ngala zinatuluka zoyera, zoima njo, osawerama. Ukazifinya ndi zala munalibe kanthu. Zimene ndinakolola sizikanadyetsa ngakhale ankhoswe okha.

Chinkhoswe chinachitika monga tinapangana, ndipo mpunga anaguladi. Mwana wanga anatuma munthu kumsika wa pa Golomoti, ndipo matumba atafika ndinazindikira msoko wake. Unali mpunga wa mnzanga uja, wa munda woyandikana ndi wanga. Amayi amene ankaphika anali a m'buloko mwathu momwemo, onse ankadziwa, ndipo palibe ananena kanthu, chimene chinandipweteka kuposa akananena. Akuchimuna anadya n'kumayamikira kuti mpunga wa ku Bwanje ndi wonunkhiradi, amayi awa ali ndi dzanja. Ine ndinavina, ndinafupa, ndinamwetulira, koma mpunga umenewo sunalowe m'kamwa mwanga.

Anthu atayamba kubalalika, mwana wanga anabwera kukhitchini kumene ndinali, atanyamula chinthu chokulunga m'pepala lonyezimira. Mwamuna wake anaima patali pabwalo, atavula chipewa, akuyang'ana pansi. Zikuoneka kuti wina anali atam'phunzitsa mwambo. Ndinamasula pepalalo n'kupeza chithunzi chija, chachikulu, chili m'galasi.

"Akuti ndi mphatso yanu," anatero mwana wanga, maso ali kumbali. "Akuti pa alendo onse amene anawatengerapo kumathithi, sanaonepo munthu amene anakonda madzi aja ngati inu, mpaka kulira. Akuti chaka chamawa adzakutenganinso."

Ndinayang'ana chithunzicho, ndinayang'ana mwana wanga, ndinayang'ananso mwana wa eni ake ali chiimire padzuwa akudikira yankho.

"Uwauze kuti zikomo kwambiri," ndinatero.

Uthenga umenewo ndiye anakaufikitsa wonse, osachotsapo ngakhale liwu limodzi.